Maluwa Adzulo Amapita Kuti?

Aniva anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wina, pachilumba cha Savai'i, ku Samoa. Aniva ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Agogo Falaniko asagwenso.

Agogo Falaniko anali bambo awo a amayi ake. Maondo awo anali otopa. Makutu awo sankamva bwino. Ankayenda ndi ndodo. Go, go, go.

Chimbudzi chakale chinali kutali. Chinali kuseri kwa nthochi. Njira yake inali ya miyala yakuda. Mvula ikagwa, miyalayo inkaterera.

Tsiku lina Agogo anaterereka. Anagona pamiyalapo nthawi yaitali. Anawapeza ndi Aniva. Pachipumi pawo panali magazi.

"Usalire, kambalame," anatero Agogo. "Ndimangofuna ndione ngati miyalayi ikadali yolimba."

Aniva sanaseke.

Choncho Bambo anamanga kachipinda katsopano. Anakamanga pafupi ndi chipinda cha Agogo. Kuchoka pabedi kukafika pakhomo pake anali mapazi asanu ndi limodzi basi. Aniva anawerenga yekha.

Kenako kunabwera Mayi Telesia, apulambala. Anatsika basi ya m'mawa. Paphewa ananyamula mapaipi oyera. Kukhutu anapanirako pensulo.

Anaika mpando woyera wa chimbudzi. Anaika kathanki ka madzi kumbuyo kwake. Anakwirira paipi yaitali pansi. Paipiyo inkapita kudzenje la simenti, kuseri kwa nyumba.

Paipi ina inangoima chilili panja, pafupi ndi khoma. Inali yaifupi. Pakamwa pake panali poyasama.

"Nanga iyi ndi yachiyani?" anafunsa Aniva.

"Iyi ndi mphuno," anatero Mayi Telesia. "Chimbudzi nachonso chimapuma. Ika dzanja pamwambapa."

Aniva anakwera pandowa. Anaika dzanja. Mayi Telesia anathira madzi m'chimbudzi muja. Kampweya kanakhudza chikhatho cha Aniva.

"Chikupumadi," anatero Aniva.

"Ukachitseka mphuno, chimadandaula."

"Ngati Bambo akadwala chimfine?"

"Ngati bambo akowo. Kungoti chimbudzi chimachira msanga."

"Ndikumvatu," anatero Bambo, ali m'ngalande ndi fosholo.

Mayi Telesia anasisita paipi yaifupi ija. "Iyi imayenera kupitirira denga. Koma mapaipi andithera. Ndikatenga ena ku Apia, tauni ya kutsidya la nyanja. Ndidzabwera pakatha masabata atatu."

Agogo sanamve zimenezi. Anali m'tulo pampando wawo.

Pafupi ndi paipi yaifupiyo panali manda a Agogo Sieni. Agogo Sieni anali akazi awo a Agogo Falaniko. Anamwalira chaka chatha. Anagona m'mbali mwa khonde, monga amagonera agogo onse pamakomo pawo ku Samoa. Manda awo anali a matailosi oyera. Aniva ankakhalapo polemba ntchito ya kusukulu. Amayi ankayanikapo mapilo.

Amayi anayang'ana paipi. Anayang'ana manda.

"Bambo a Aniva, sipafupi kwambiri pamenepa?"

"Mpata ulipo," anatero Bambo. "Paja Mayi agona apawa ankakonda kudziwa zonse zochitika pakhomo. Tsopano azidziwa zonse ndithu."

"Musamaseleule choncho," anatero Amayi.

Madzulo Agogo anadina batani la pakathanki koyamba. Khwaaa. Madzi anazungulira. Madzi anapita.

"Nyanja yalowa m'nyumba," anatero Agogo.

Onse anaseka. Aniva anaseka kuposa onse.

*

Lolemba m'mawa, Aniva anatuluka ndi chikwama chake. Anaima.

Pakamwa pa paipi yaifupi panali duwa. Linali duwa la chitsamba chotchedwa aute, lofiira psuu. Linali ndi kanthambi kake ndi masamba ake. Mame anali akadali pomwepo.

Agogo Sieni ankakonda duwa limeneli. Ankalivala kukhutu tsiku lililonse. Panalibe tsiku limene anaoneka opanda duwa.

Amayi anabwera ndi tsache. Nawonso anaima.

"Aniva, waika ndiwe?"

"Ayi, Amayi."

"Bambo a Aniva, ndinu?"

"Ine ndi maluwa?" anatero Bambo. "Paja inu ndinakufunsirani ndi nsomba."

Bambo analoza ndi mlomo kuchipinda cha Agogo. Amayi anapukusa mutu.

"Ababa? Moyo wawo wonse sanathyolepo duwa. Amati maluwa sadyedwa."

Aute ndi duwa la tsiku limodzi. M'mawa limatsegula. Madzulo limafota.

Lachiwiri panali duwa latsopano. Lachitatu panali duwa latsopano. Lachinayinso chimodzimodzi. Palibe anaona woliika. Palibe anamva mapazi ake.

Amayi anasiya kuyanika mapilo pamanda.

Sabata yachiwiri inafika. Linali Lolemba masana. Dzuwa linali pamutu. Mudzi wonse unali zii. Aniva ankasamba m'manja m'kachipinda katsopano.

Gulu.

Aniva anatembenuka. Munalibe munthu. Batani sanalikhudze.

Gulu, gulu.

Madzi a m'chimbudzi ananjenjemera. Anatsika pang'onopang'ono. Kenako pansi penipeni panamveka mawu.

Haaaa.

Anali ngati munthu wotopa akuusa moyo.

Aniva anatuluka chafutambuyo. Manja ake anali akadali ndi sopo.

Tsiku lotsatira Bambo anadina batani. Madzi sanapite. Anakwera. Anakwerabe. Anafika m'milomo. Anaima pomwepo, ngati akuganiza. Kenako anatsika mwaulesi.

Gulu, gulu. Haaaa.

"Mwamva?" ananong'ona Amayi.

"Ndi mpweya chabe," anatero Bambo. Koma anatseka chitseko mofulumira.

Lachinayi Amayi analowa kukatsuka. Anakhalamo kanthawi. Anatuluka. Anangoloza ndi chala.

Aniva anasuzumira. Pamadzi pankayandama kanthu kofiira. Kankazungulira pang'onopang'ono. Kanali kachidutswa ka duwa la aute.

Gulu.

Kena kanatulukira kuchokera pansi. Kofiiranso.

Amayi anakhoma chitseko ndi loko. Anaphimba magalasi onse odziyang'anira ndi nsalu, kuopa mzimu. Kenako anagwada pamanda.

"Mayi, tikhululukireni," anatero. "Takuikirani zonyansa kumutu."

Bambo anaimbira foni Mayi Telesia. Foni sinkapezeka. Anali akadali kutsidya la nyanja.

"Tiyeni tiwadikire," anatero Bambo. "Yatsala sabata imodzi."

"Iyi si nkhani ya mapaipi," anatero Amayi. "Paipi imabala maluwa? Mayi akwiya. Loweruka mugwetse kachipindaka. Mufukule paipi yonse."

"Nanga Ababa?"

"Tiwauza kuti chawonongeka. Za maluwa musawauze. Mtima wawo ndi wofooka."

Aniva anamva zonse.

Madzulo amenewo mvula inayamba kuwaza. Agogo anatenga ndodo. Anayang'ana loko. Anayang'ana njira ya miyala yakuda.

"Ine ndinali nditazolowera kale ufumu," anatero.

Aniva anawagwira mkono. Anayenda limodzi. Go, go, go. Pafupi ndi nthochi, ndodo inaterereka. Agogo anadzandira. Aniva anawakoka ndi mphamvu zake zonse.

Sanagwe. Anapuma pang'ono, kenako anapitiriza.

Aniva anawerenga mapazi. Anali makumi asanu ndi anayi. Kubwereranso makumi asanu ndi anayi.

*

Lachisanu, atachoka kusukulu, Aniva anakhala m'mbali mwa manda. Kumwamba kunali mitambo yakuda. Masamba a kokonati sankagwedera.

"Agogo Sieni," ananong'ona. "Ndinudi?"

Zii.

"Inu simunkakwiya chonchi. Mukakwiya munkangoponya patapata. Kenako munkatipatsa nthochi."

Zii.

Aniva anayang'ana duwa la pa paipi. Linali limodzi. Dzulo linalinso limodzi. Dzana linalinso limodzi.

Tsiku lililonse latsopano. Nanga lakale?

Aniva anaimirira. Anayang'ana pansi pa paipi. Panalibe duwa lofota. Anayang'ana kudzala. Kunalibe. Anayang'ana kukhola la nkhumba. Kunalibenso.

Maluwa adzulo amapita kuti?

Kenako anaona zina. M'udzu wonyowa munali timaenje. Tinali tating'ono, tozungulira. Tinayambira pa chitsamba cha aute. Tinathera pa paipi. Kamodzi apa. Kena apo. Kena apo.

Zinali ngati padutsa chinthu cha mwendo umodzi. Mwendo woonda kwambiri.

Aniva anabwerera m'mbuyo. Ankafuna kuthawa. Koma anakumbukira magazi aja pachipumi cha Agogo.

Anatenga ndowa. Anakwerapo. Anakankhira duwa pambali. Anasuzumira m'paipi. Munali mdima bii. Anaika dzanja pakamwa pake. Anadikira.

Kampweya kaja kunalibe.

Aniva anathamangira kukhitchini. Amayi ankapala kokonati.

"Amayi, mphuno sikupuma."

"Mphuno ya ndani?"

"Ya chimbudzi. Paipi yaifupi ija."

Amayi anasiya kupala. "Wakhudza paipi imeneyo? Kasambe m'manja. Usapitekonso."

"Koma Amayi, maluwa adzulo..."

"Aniva. Ndanena."

Aniva anatembenuka. Anaona hamala yaikulu itatsamira khoma. Bambo anali ataibwereka kale.

Mawa linali Loweruka.

*

Atambala analira. Kunja kunayamba kuyera. Aniva anadzuka mwakachetechete. Anafunda nsalu. Anatuluka.

Nkhungu inali itatsika kuphiri. Nthochi sizinkaoneka. Nyanja inkangomveka patali. Aniva anabisala kuseri kwa thanki ya madzi amvula.

Anadikira. Mapazi ake anazizira. Duwa ladzulo linali litawerama pa paipi.

Kenako m'nkhungu munatuluka chinthu.

Chinali choyera mbee. Chinali chachitali. Nkhope sinkaoneka. Chinkayenda pang'onopang'ono pa udzu. Sichinkamveka n'komwe.

Aniva anagwira pakamwa.

Chinthucho chinaima pa chitsamba cha aute. Thyo. Chinathyola duwa. Chinatembenuka. Chinayamba kubwera kumanda. Chinayandikira. Chinayandikirabe.

Aniva anatsinzina diso limodzi.

Chinthucho chinafika pamatailosi.

Go.

Aniva anatsegula diso lija. Kulira kumeneko ankakudziwa. Inali ndodo.

Nsalu yoyera inatsika kumutu. Inali nsalu ya pabedi. Mkati mwake munali Agogo Falaniko.

"Wadzuka, Sieni?" anatero Agogo motsitsa mawu. "Kwazizira lero. Maondo awa sanandigonetse."

Anakweza ndodo. Anakankhira duwa ladzulo mkati mwa paipi. Anakankha. Anakankhanso. Duwa linalowa, ndi kanthambi kake, ndi masamba ake.

Kenako anaika latsopano. Analitembenuza bwinobwino. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Analiyang'ana.

"Lakukhala," anatero.

"Agogo," anaitana Aniva.

Agogo anadzidzimuka. Ndodo inatsala pang'ono kugwa.

"Kambalame, ukufuna undiphe? Ukutani kuseri kwa thanki?"

"Ndimadikira mzimu."

"Wauona?"

"Ndauona. Uli ndi ndodo."

Agogo anakhala pamanda pang'onopang'ono. Aniva anakhala pambali pawo.

"Agogo ako ndinawaona koyamba pa basi," anatero Agogo. "Ndinasowa chonena. Ndinangothyola aute pamseu. Ndinawapanira kukhutu. Ndinathawa."

"Munathawa?"

"Liwiro lake. Nthawi imeneyo maondo analipo."

"Ndiye?"

"Ndiye tinakwatirana. M'mawa uliwonse ndinkawaika duwa, anthu asanadzuke. Anthu akafunsa, ankati athyola okha. Chinali chinsinsi chathu."

Agogo anasisita matailosi.

"Atapita, ndinayesa kuika pansi apa. Kuwerama kunandikanika. Ndikaliponya, mphepo inkatenga. Nkhuku zinkajompha. Kenako ndinaona kamtengo koyera aka."

Anaimirira movutikira. Anaima pafupi ndi paipi. Inawafika pachifuwa.

"Waona? Agogo ako anali aafupi. Khutu lawo linkandifika pomwepa."

"Nanga maluwa akale mumakankhiranji mkati?"

"Ndingataye maluwa awo kudzala? Ndimakankhira pansi. Kuti akawapeze komwe agonako."

Aniva analoza paipi.

"Agogo, aka si kamtengo. Ndi mphuno ya chimbudzi."

"Wati chiyani? Kweza mawu."

"Ndi mphuno ya chimbudzi chanu. Pansi pake yalumikizana ndi paipi yaitali ija. Maluwa atseka njira. N'chifukwa chake chikudandaula. Amayi akuyesa Agogo Sieni akwiya."

Agogo anayang'ana paipi. Anayang'ana khoma la kachipinda. Anayang'ananso paipi.

"Ndiye kuti maluwa onse aja..."

"Eya."

"Amene ndimatumizira a Sieni..."

"Eya, Agogo."

Agogo anaphimba nkhope ndi nsalu. Mapewa awo anagwedera. Aniva sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Atachotsa nsalu, anaona kuti ndi zonse ziwiri.

"Akanandiponya patapata," anatero Agogo.

Kenako anagwira dzanja la Aniva.

"Usauze munthu, kambalame. Chinsinsi chimenechi chatha zaka makumi asanu. Amuna akutchalitchi angandiseke mpaka Khirisimasi."

"Ine sindiulula," anatero Aniva. "Ndi chanu. Koma Bambo akugwetsa kachipindaka lero."

"Agwetse. Ndizipita chakale chija. Ndikuidziwa njira."

Aniva anawayang'ana pachipumi. Chipsera chinali chikadalipo.

"Agogo, amene ndinakupezani pamiyala paja ndine."

Agogo anatembenuza nkhope. Anangoyang'ana duwa.

*

Dzuwa linatuluka. Nkhungu inayamba kuchoka. Bambo anabwera ndi hamala yaikulu. Amayi anabwera pambuyo, atakumbatira buku la nyimbo.

"Ababa, mwadzuka kale?" anadabwa Amayi. "Lowani m'nyumba. Kuno kukhala fumbi."

Agogo sanasunthe.

Aniva anakaima pakhomo pa kachipinda. Anatambasula manja.

"Choka pamenepo, mwanawe," anatero Bambo.

Aniva sanachoke. Anangoyang'ana Agogo.

Bambo anamunyamula ngati thumba la kokonati. Anamuika pambali. Analavulira m'manja. Anakweza hamala.

Go.

Ndodo inamenya matailosi.

"Mkamwini, ika pansi chimenecho," anatero Agogo.

Bambo anatsitsa hamala.

"Mzimu mukuuopawo ndine."

"Ababa, mukuti chiyani?" anafunsa Amayi.

Agogo anakonza pakhosi. Anayang'ana zala zawo zakumapazi. Kenako ananena zonse. Ananena za basi. Ananena za khutu. Ananena za ndodo ndi maluwa adzulo. Za mphuno anafotokoza Aniva.

Amayi anakhala pansi pa udzu wonyowa.

"Maluwa aja a kukhutu kwa Mayi," anatero. "Ankati amathyola okha."

"Amako ankadziwa kusunga mawu."

"Tsiku lililonse, Ababa?"

"Kupatula masiku awiri. Unkabadwa iwe, ali kuchipatala. Kubasi kunalibe malo."

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Bambo anakanda mutu.

"Koma Ababa, paja mumati maluwa sadyedwa?"

"Sadyedwa. Unandionapo ndikudya?"

Amayi anaseka misozi ili m'masaya.

"Komabe," anatero Amayi, "ndikhulupirira ndikaona ndi maso."

Agogo anali msodzi kale. Anaitanitsa waya wautali. Anaupinda kumapeto ngati mbedza. Anapatsa Bambo.

"Ponya mkatimo. Usakoke msanga. Uyambe wamva kulemera."

Bambo analowetsa waya m'paipi. Anapotoza. Anakoka. Kunatuluka kanthambi kakuda, konyowa.

"Limodzi," anawerenga Aniva.

Analowetsanso. Anakoka.

"Awiri."

"Nsomba zake zonunkha bwanji," anatero Bambo.

"Msodzi sadandaula," anatero Agogo. "Ponya."

Atatu. Anayi. Asanu. Dzuwa linakwera. Bambo anatuluka thukuta. Pa khumi ndi limodzi, waya anakana kubwera. Bambo anakoka. Sizinatheke. Amayi anaika buku la nyimbo pakhonde. Anagwira nawo waya.

Anakoka onse awiri.

Phu. Kunatuluka chimpukutu cha masamba. Pakati pake panali kachidutswa kofiira.

"Khumi ndi awiri," anatero Aniva.

Fuuuu. Paipi inapuma. Onse anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

Amayi anatsegula loko. Onse anapanikizana pakhomo. Agogo anatambasula chala. Anadina batani.

Madzi anakwera pang'ono. Anaima. Aniva anasiya kupuma.

Khwaaa.

Madzi anazungulira. Madzi anapita. Anadikira gulu. Gulu sanabwere. Anadikira haaaa. Kunali zii.

Onse anasamba m'manja ndi sopo, kawiri. Maluwa akale anawakwirira pansi pa chitsamba cha aute. Amayi anavundukula magalasi. Bambo anakabweza hamala kwa eni ake.

*

Sabata yotsatira Mayi Telesia anatsika basi. Anamva nkhani yonse. Anaseka mpaka pensulo inagwa.

"M'mapaipi ndapezamo supuni," anatero. "Ndapezamo nkhanu. Ndapezamo mano oikirira. Chikondi ndiye ndinali ndisanachipezemo."

Analumikiza paipi yaitali pamwamba pa yaifupi ija. Mphuno inakwera. Inapitirira denga.

Agogo anakweza maso. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Sieni watalika," anatero motsitsa mawu. "Sindingamufikenso."

Aniva anaona chidutswa cha paipi chotsala pa udzu. Anachinyamula.

"Mayi Telesia, ichi muli nacho ntchito?"

"Chotsala chimenecho. Ukufuna uchitani?"

Aniva anachiimika pafupi ndi Agogo. Anabwereka pensulo. Analemba kamzere pomwe panali chifuwa chawo.

Mayi Telesia anamvetsa. Bambo anakumba kadzenje kumutu kwa manda, mbali inayo. Anaimikamo paipi. Anaidzaza mchenga. Pamwamba analowetsamo kabotolo ka madzi. Kutalika kwake kunali komwe kuja.

"Zaka makumi awiri ndili pantchitoyi," anatero Mayi Telesia. "Paipi yosapita kulikonse ndayamba kuika lero."

"Ikupita," anatero Aniva. "Ikupita kwa Agogo Sieni."

M'mawa mwake Agogo sanafunde nsalu kumutu. Sanazembe. Anatuluka dzuwa likuwala. Onse anali pakhonde, akumwa koko wotentha.

Agogo anathyola duwa. Analiika pa paipi yatsopano. Analitembenuza bwinobwino.

Anathyola lina. Anapanira kukhutu kwa Amayi. Anathyola lachitatu. Anapanira kukhutu kwa Aniva.

"Nanga ine?" anafunsa Bambo.

"Iwe uzidya nsomba," anatero Agogo.

Kenako Agogo analowa m'nyumba. Aniva anamvetsera. Go, go, go, go, go, go. Mapazi asanu ndi limodzi basi. Patapita kanthawi, khwaaa.

Agogo anabwerera pampando wawo. Kamphepo kanachoka kunyanja. Kanadutsa pamwamba pa denga. Kanakhudza mphuno yaitali ija.

Huuuu.

Amayi anagwira mkono wa Bambo.

"Chikungopuma, Amayi," anatero Aniva.

Mphepo inadutsa. Masamba onse anakhala bata. Koma duwa la Agogo Sieni linagwedera kamodzi, ngati munthu akuvomera.

Aniva analiona. Agogo analiona. Anayang'anana.

Sanauze munthu.